Njerwa za Mkamwini

Tabita atabwerera kumjigo anapeza ndowa yake ili chagada m'fumbi, kutali ndi mzere. Iye anali ataisiya pamalo achitatu pamene ankathamangira kunyumba kukaona mwana. Amayi onse anayang'ana kumbali, kupatula Loyce, mkazi wa achimwene ake, amene ankapopa madzi mwaukali ngati mjigowo wamutukwana.

"Ndowa yanga wachotsa ndani?" anafunsa Tabita.

Loyce anangopitiriza kupopa.

"Ndafunsatu, alamu. Ndowa yanga wachotsa ndani?"

"Ndine," anatero Loyce osacheuka n'komwe. "Madzi ano ndi akumwa. Inu a njerwa kapempheni kumwamba, poti amuna anu ndi mitambo amamvana."

Amayi ena anasekera m'zitenje. Wina kumapeto kwa mzere anaonjezera kuti, "Tsiku loti muimasule mvulayo mutitsineko khutu, tichotse zovala pachingwe."

Tabita anatola ndowa ija, kuipukuta ndi chitenje, n'kukaima kumbuyo kwa onse. Mtima unamuwawa kwambiri. Amayi amenewa anakula nawo limodzi, ena ankaimba nawo kwaya imodzi, koma lero ankamuyang'ana ngati wawabera nkhuku.

Limenelo linali Lachinayi, patatha masabata atatu athunthu mvula itadula, m'kati mwa Januwale weniweni. M'midzi yonse ya kwa Msakambewa chimanga chinali chitapota masamba ngati anyezi, fodya atagwetsa makutu, ndipo nthaka ukaiponda wopanda nsapato inkaotcha. Ena anali atabzala kawiri, ena katatu. Ndikuuzeni, kwathu kuno ng'amba ikafika pamenepa anthu sayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Khosi limatopa. Amatsitsa maso n'kuyamba kuyang'anana, kufunafuna amene wamanga mvula. Ndipo woyamba kulozedwa chala amakhala munthu amene ali ndi chinthu choopa kunyowa. Chaka chimenecho munthuyo anali Nedson, mwamuna wa Tabita, chifukwa kuseri kwa chigafa chake kunali njerwa zosaotcha zikwi zinayi.

Nedson anali mkamwini, kwawo kumapiri a ku Ntchisi. Pamudzipo anali atakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri, munthu wa khasu, wosamwa mowa, wosachedwa pamaliro, koma anthu ankamutchulabe kuti "wa ku Ntchisi uja" ngati wafika dzulo. Nyumba yawo inagwa mu Malichi chaka chapitacho. Mvula ya maola atatu okha inatsika phiri ngati mtsinje, kudya maziko, khoma n'kuti khu! Mwamwayi onse anali kumunda. Kuyambira pamenepo ankagona m'chigafa cha fodya chomwe anachitchinga ndi mapesi ndi matumba a feteleza, ndipo mwana wawo Hope, wa zaka zinayi, chifuwa sichinkamuchoka.

M'chilimwe, nthawi imene anthu amaumba njerwa, chitsime cha kudambo chinauma mu Ogasiti, ndipo komiti ya mjigo inakaniza madzi oumbira. Ndiye mvula ya mu Disembala itadzaza nkhuti, dzenje lija amakumbamo dothi, kenako n'kudula, Nedson anaona madzi, anaona dzuwa, n'kutenga chikombole chake.

Tabita anamuchenjeza tsiku loyamba lomwelo. "Bambo a Hope, njerwa mu Januwale? Anthu a pano simukuwadziwa?"

"Januwale wake uti, mayi a Hope?" anayankha Nedson, miyendo ili m'matope. "Tayang'anani kumwamba. Uyu si Okutobala uyu? Dzuwali likutiphera chimanga, bola litimangireko nyumba."

Zinthu zinafika poipa Lachitatu, dzulo lake la nkhani ya kumjigo ija. Masana mitambo inadza kuchokera cha ku Ntchisi, yakuda bii, mphepo ikununkha mvula. Ana anayamba kale kuvina pabwalo, amayi kutchera mabeseni m'makonde. Nedson anathamanga ndi pepala lakuda lapulasitiki kukafunditsa uvuni wake womwe anali atangomaliza kusanja. Pepala lija linkakupiza ndi mphepo, iye akulimbana nalo pamwamba pa uvuni, manja m'mwamba. Nthawi yomweyo mphepo inatembenuka. Mitambo inang'ambika pakati, ina kulowera ku Madisi, ina kubwerera komwe inachokera, osagwetsa ngakhale dontho. Ndipo bambo wina dzina lake Dominiko, amene ankadyetsa ng'ombe zake chapafupi, analumbira pali manda a amayi ake kuti anaona ndi maso ake mkamwini akupitikitsa mitambo ndi nsalu yakuda.

Tabita atafika kunyumba ndi madzi aja anapeza a Gregorio, achimwene ake aakulu, ataima pafupi ndi uvuni. Nedson anali atawapatsa mpando koma anaukana. M'dzanja anali ndi tsamba la fodya lofota, ndipo analiponya pamapazi pa Nedson.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndi fodya, alamu."

"Anali fodya. Maekala awiri. Nazale yake ndathirira ndi khani miyezi iwiri, ine ndi Loyce, misana kuthyoka. Lero ndi sanza imeneyi."

"N'zomvetsa chisoni, alamu. Nanenso chimanga changa chapsa. Tiyeni mukachione."

"Chimanga chanu? Munda wa amayi anga uja ndiye mukuti chimanga chanu? Inu zanu ndi izi." Anamenya uvuni ndi nsapato, njerwa imodzi n'kuphwanyika ngodya.

Nedson anali munthu woti akapsa mtima mawu amatsika m'malo mokwera. Anayankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana kalata.

"Alamu, ine mankhwala ndilibe. Paja chaka chatha ndinapita kumsonkhano wa alangizi ku Madisi, inu munati mulibe nthawi. Anatiuza kuti nyengo yasintha dziko lonse, osati kuno kokha. Utsi wa mafakitale ndi magalimoto a kutali uko, kuphatikizapo mitengo yomwe tatha m'mapirimu, zatenthetsa dziko. Mpweya ukatentha umamwa madzi m'nthaka msanga, ndipo umatha kusunga madzi ambiri kumwambako. Ndiye kumakhala ng'amba yaitali, koma tsiku loti igwe imakhuthula ya mwezi wonse nthawi imodzi, ndi chimphepo, mwinanso ndi matalala omwe. Ndi mvula yotereyi yomwe inatigwetsera nyumba. Ine ndili ndi mantha, alamu. Iyi ikamabwera, ibwera moipa."

A Gregorio anatembenukira kwa mlongo wawo, maso ali psu.

"Wamva, Tabita? Wamumva mwamuna wako? Akudziwa komwe ili, akudziwa chomwe yanyamula, akudziwanso momwe ibwerere. Ife tonse mbuli, iye yekha ndiye akuona za kumwamba. Azidziwa bwanji ngati sanaisunge yekha?"

Tabita anatula ndowa mwamphamvu moti madzi ena anatayika. "Achimwene, musandichititse manyazi. Ku Mponela mvula kulibe, ku Madisi kulibe, wailesi ikuti ngakhale kumwera anthu akulira. Kapepala kamodzi aka kafunditsa dziko lonse? Ndipo Lamulungu lapitali anatsogolera pemphero la mvula kutchalitchi ndinu nomwe."

"Ndinapemphera, eya. Ine kupemphera, wina kumakupiza. Ifike bwanji?"

"Ha! Ndiye kuti Mulungu wanu wagonja ndi pulasitiki?"

"Tseka pakamwa, iwe!" A Gregorio analoza Nedson ndi chala. "Mawa dzuwa likamatuluka pepalalo lichoke, njerwa zikhale pamtetete monga fodya wanga alili pamtetete. Tione ngati mvula mukuifunadi."

"Nkhuni zibwera Loweruka pa ngolo ya a Kalisto," anatero Nedson. "Ndipatseni masiku awiri okha ndiotche. Zikapsa, igwe mmene ingathere."

"Masiku awiri? Mwamva nokha mukuipatsa tsiku? Fodya wanga alibe masiku awiri."

Anachoka osatsanzika. Tabita anawayang'ana akupita, phewa limodzi litatsika monga ankayendera malemu bambo awo, ndipo anadziwa kuti achimwene akewo si nkhanza zokha, ali ndi mantha. Fodya ameneyo ndiye anali chakudya, sukulu ya ana, zonse. Koma kudziwa zimenezo sikunamuziziritse mtima. Ukali wonse anauthira pa mwamuna wake.

"Ndinakuuzani ine! Sindinakuuzeni? Ndiye za matalalazo mumaziyankhuliranji pamaso pa munthu woti mutu wazungulira kale?"

"Ndi zoona, mayi a Hope."

"Zoona zimenezo tifunda? Talichotsani pepalalo, mwina angatisiye."

"Ndikachotsa ndiye kuti ndavomera kuti ndine mfiti. Ndipo ikagwa, njerwa zonse zibwerera kukhala matope. Hope agonanso m'chigafa chaka china."

"Nanga mukapanda kuchotsa?"

Nedson anatola njerwa yophwanyika ija n'kuibwezera pamalo pake. Tabita ankadziwa kuti mwamuna wake akunena zoona, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamukwiyitsa kwambiri.

M'mawa wa Lachisanu kunabwera anthu oposa makumi atatu, amuna ndi makasu, amayi ndi ana kumbuyo. Palibe anati odi. Tabita anatuluka n'kukaima kutsogolo kwa uvuni, manja m'chiuno.

"Wofuna kukhudza njerwa izi ayambe waponda ine."

"Choka, Tabita," anatero a Gregorio. "Nkhaniyi si yako."

"Si yanga? Amagona m'chigafa ndani? Akutsokomola ndi mwana wa yani? Inu a Dominiko, khola la ng'ombe zanu anakukhomerani ndani, mwaiwala? Inu alamu, mimba itakuvutani chaka chija, anakupalasani pa njinga mpaka kuchipatala ndani? Tanenani, anthu amve!"

Loyce anayang'ana pansi. Kwa kamphindi gulu lonse linakhala ngati lazizira. Koma Dominiko anakuwa kumbuyo, "Tisamvere ameneyo, anamudyetsa kale! Chimanga chikufa uku ife tikumvera nthano!"

Basi, zinangotero. Wina anamukankha Tabita, n'kugwera pa bondo. Pepala lakuda lija analing'amba pakati, ana n'kumalimbirana zidutswa. Amuna anakwera pa uvuni n'kuyamba kuponya njerwa pansi, zina kuphwanyika, zina kugubuduka. Amayi ankazitola n'kumaziyala pabwalo kuti pasakhale imodzi yobisala pansi pa inzake. Koma anthu, abale! Kuitanira ntchito yokonza msewu sabwera ngakhale khumi, koma kugumula thukuta la mnzawo anagwirizana ngati nyerere. Ntchito ya masabata atatu sinatenge ngakhale ola limodzi.

Nedson anangoima pakhomo pa chigafa, Hope atamukumbatira mwendo. A Gregorio analowa m'kati osapempha, n'kutuluka ndi ndowa ya Tabita, madzi omwe aja anatunga movutikira dzulo lake.

"Gwirani, alamu. Thirani pa njerwa zanu ndi manja anu, munene kuti mvula yamasuka."

"Sindinamange kanthu ine."

"Thirani!"

"Ndati sindinamange kanthu."

Dominiko anagulula khasu n'kutsala ndi mpini. Ena awiri anayandikira. Hope anayamba kulira mokuwa, kulira kwake n'kusanduka chifuwa. Tabita anaona mpini uja, anaona mutu wa mwamuna wake, ndipo mawu anatuluka okha.

"Thirani, bambo a Hope. Chonde, thirani."

Nedson anamuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali. Kenako analandira ndowa, n'kuthira madzi pa njerwa zomwe zinali pafupi. Dothi linamwa madziwo n'kuyamba kusungunuka m'mbali.

"Yamasuka," anatero chapansipansi.

"Mokweza! Kumbuyo kuno sitikumva!"

"Yamasuka."

Anthu anabalalika akuseka, ena akuti, "Bwenzi atavomera kale." Tabita anakhala pansi pomwepo, bondo likutuluka magazi. Manyazi anamugwira kuposa ululu, chifukwa mawu omaliza ogonjetsa mwamuna wake anachokera pakamwa pake.

Tsikulo kunatentha kuposa masiku onse. Mphepo inaima, nkhuku zinayasamula milomo pansi pa nkhokwe, ndipo thukuta linkatuluka munthu atangokhala. Nedson sanadye. Anayamba kutola njerwa zamphumphu n'kumazilowetsa m'chigafa ziwiriziwiri, Tabita n'kumamuthandiza osayankhulana. Anali atalowetsa mwina mazana awiri pamene kuwala kunasintha. Tabita anadzutsa mutu. Kummawa konse kunali khoma la mitambo, osati yakuda ngati ya Lachitatu, koma yobiriwira pansi pake, ikubwera ikuwira.

"Tengani mwana," anatero Nedson. "Zisiyeni njerwazo."

Madontho oyamba anali aakulu, otalikirana. Kumudzi kunamveka nthungululu, ndipo Tabita anazindikira mawu a Loyce. Ana ankakuwa kuti, "Yabwera! Yabwera!" Chisangalalo chimenecho sichinathe mphindi zisanu. Chimphepo chinafika ngati lole yodzaza miyala, ndipo pambuyo pake panabwera matalala, oyamba ngati nandolo, kenako ngati mazira a nkhunda. Pa malata a tchalitchi phokoso lake linkamveka mudzi wonse. Denga la chigafa linanyamuka mbali imodzi n'kupita osatsanzika. Atatuwo anabisala pansi pa tebulo, Nedson atafunditsa mkazi ndi mwana ndi msana wake, matalala akumumenya m'nthiti. Matalala atatha, mvula yeniyeni inayamba, yosaona ngakhale mtengo wa mango wa pabwalo. Madzi ofiira anatsika phiri, kudula mizere, kulowa m'chigafa mpaka m'akakolo.

Inagwa maola awiri. Itasiya, kunja kunali zii, kupatula mkokomo wa madzi kudambo ndi mayi wina amene ankalira kutali.

Tabita anatuluka. Pabwalo panalibe njerwa. Panali phala lofiira lokhalokha, likuyenderera pang'onopang'ono kubwerera kunkhuti komwe linachokera. Apa ndi apo pankaoneka ngodya ya njerwa, yofewa ngati sopo wogonera m'madzi. Zikanakhala mu uvuni, zofunditsidwa, bwenzi zitaonongeka za m'mbali zokha. Anaima pamenepo misozi ikutsika, osaipukuta. Nyumba yake yonse, chipinda cha Hope, khonde lomwe ankalota kukhalapo madzulo, zonse zinali kumamatira kumapazi ake.

Kenako anayang'ana kumunsi. Munda wa fodya wa a Gregorio unali mitengo yokhayokha, masamba atang'ambika ngati adyedwa ndi mbuzi. Pakati pake panadutsa chigwembe chatsopano chotha kumeza ngolo. Nyumba yawonso malata anali atapita, ndipo khoma lakummawa linali litagwera m'kati. Loyce ndiye ankalira uja, akufukula mabulangete m'matope.

Mwa uchitsiru wake Tabita anaganiza kuti tsopano nkhani yatha. Anaganiza kuti aliyense waona ndi maso kuti chinthu choterechi sichingatuluke m'manja mwa munthu woumba njerwa, kuti achimwene ake abwera mutu uli pansi. Anatenga ngakhale bulangete limodzi louma kuti akapatse ana a Loyce. Asanafike pa mtengo wa mango anakumana nalo gulu lija likubwera, lonyowa, lodzaza matope, a Gregorio patsogolo.

"Ali kuti?" anafunsa a Gregorio. Mawu awo anali atasasa.

"Achimwene, ana ali bwanji? Palibe wavulala?"

"Ndati ali kuti mfiti yakoyo? M'mawa wathira madzi, masana yagwa. Ukufunanso umboni wina? Ndipo waimasula mokwiya. Anandiuza dzulo pamaso pako. Anati chimphepo, chabwera. Anati matalala, abwera. Anatchula chilichonse, Tabita, chilichonse!"

"Anakuchenjezani! Kuchenjeza munthu ndi ufiti? Nanga njerwa zake zili kuti? Denga lathu lili kuti? Mfiti yake yopusa bwanji yodzigwetsera nyumba kawiri?"

Mwamuna wina wa kabaza amene anali atangofika akukankha njinga yake yamoto anayesa kulowererapo. "Akuluakulu, matalalawa si kuno kokha. Ndachokera ku Mponela, njira yonse fodya wagona, mitengo yagwera mumsewu."

"Ndiye mwaona kukula kwa mankhwala ake!" anatero Dominiko, ndipo anthu anavomereza.

Apa Tabita anamvetsa. Ikapanda kugwa, wamanga ndi Nedson. Ikagwa, wavomera ndi Nedson. Ikaononga, wakwiya ndi Nedson. Panalibe mvula ya mtundu uliwonse yomwe ikanamuyeretsa mwamuna wake pamudzi umenewu. Anthuwa sankafuna kumva kuti nyengo yasintha, chifukwa nyengo sungaigwire pakhosi, sungaithamangitse pamudzi. Mkamwini ungathe.

Nedson anatuluka m'chigafa, malaya atamatirira pamsana, Hope ali m'manja. A Gregorio sanamuyang'ane n'komwe. Anayankhula kwa mlongo wawo.

"Mawa dzuwa lisakalowe munthu uyu ali pano. Abwerere kwawo ndi mitambo yake. Iwe ndi mwana mutsala. Ndinu mbumba yanga, munda ndi wa amayi ako, palibe akuthamangitse."

"Ndamva, alamu," anatero Nedson. Anapereka mwana kwa Tabita n'kulowa kukayamba kulongedza.

Tabita anamutsatira. Anamupeza akupinda buluku lonyowa n'kumaliika m'thumba la feteleza.

"Mutsale, mayi a Hope," anatero osadzutsa mutu. "Kwathu kulibe munda wanu. Kuli mayi anga ndi kanyumba kamodzi. Pano muli ndi nthaka, muli ndi abale."

"Abale ake ati? Omwe andigwetsa m'mawa aja?"

"Mawa adzaiwala."

"Iwo adzaiwala, ine ayi. Ndinakuuzani kuti muthire madzi, bambo a Hope. Ndinakugonjetsani ndi pakamwa panga. Sindikuuzaninso kachiwiri kuti mugonje nokha." Analanda thumba lija n'kuyamba kuikamo zitenje zake pamwamba pa buluku.

Loweruka kunacha kopanda mtambo ngakhale umodzi, kumwamba kuli mbee ngati dzulo sikunachitike kanthu. Dzuwa litakwera pang'ono, ngolo ya a Kalisto inafika ndi nkhuni monga anapanganirana, ng'ombe zikuterereka m'matope. A Kalisto anali a mudzi wina, za dzulo sankazidziwa. Anayang'ana pabwalo, kuyang'ana Nedson, n'kuvula chipewa.

"Kalanga ine! Nanga nkhunizi tiotchera chiyani?"

"Musatsitse pano," anatero Tabita. "Tikatsitsa kwa achimwene. Mukatero mutinyamulire katundu mpaka kumsewu."

Katundu wake sanali wambiri: tebulo, mphasa, miphika, makasu awiri ndi matumba atatu. Anakweza pamwamba pa nkhuni, Hope n'kukhala pa mphasa. Chikombole Tabita sanakweze. Anachitsuka bwinobwino, n'kuchinyamula m'manja.

Kwa a Gregorio kunali anthu ambiri, ena kuthandiza kuchotsa zibuma za khoma logwa, ena kungoonerera. Ataona ngolo onse anasiya ntchito. A Gregorio anaona miphika pamwamba pa nkhuni, n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Iwe, ndinati utsale."

"Ndinamva."

"Ukasiya munda wa amayi ako chifukwa cha munthu wobwera? Ukadya chiyani kumapiri kumeneko?"

"Chomwe akadye mwamuna wanga. Munda limani, achimwene, ngati mvula ikuloleni."

Anauza a Kalisto kuti atsitse nkhuni zonse pomwepo, ndipo Nedson anawathandiza osayankhula ndi munthu. Mulu utakwana, Tabita anayenda mpaka pomwe panaima achimwene ake, n'kuika chikombole chija pamapazi pawo.

"Nachi. Nkhuni ndi izo, zokwanira uvuni wonse. Khoma lanu lagwa, ndipo alamu ndi ana sangagone panja mpaka chilimwe. Ngakhale mutadikira chilimwe, chitsime chimauma mu Ogasiti, mukudziwa, ndipo komiti ya mjigo madzi oumbira siilola. Koma lero nkhuti yadzaza." Anayang'ana kumwamba, dzanja pamphumi. "Dzuwanso labwerera, ndipo likuoneka kuti likhalitsa. Umbani, achimwene."

Palibe anaseka. Loyce anayang'ana chikombole, kuyang'ana ana ake atatu omwe anakhala pa malata opindika, n'kuyang'ana mwamuna wake ndi maso opempha. A Gregorio anayang'ana chikombolecho. Dzanja lawo linasuntha pang'ono ngati likufuna kutsika, kenako linabwerera. Dominiko anali ataima pafupi, atatsamira mpini womwe uja.

"Tiyeni, a Kalisto," anatero Tabita.

Ngolo inanyamuka, Nedson ndi Tabita akuyenda pambuyo pake. Sanalire mpaka atadutsa manda a amayi ake, ndipo atayamba kulira Nedson anamusiya alire. Pokwera chitunda cha kumsewu anacheuka kamodzi. Chikombole chinali pomwe anachisiya, achimwene ake ataima pambali pake manja kumbuyo, ndipo anthu onse aja tsopano ankayang'ana iwo.